Chiwaya cha Che Bwanali

Sabata yatha tinakaika mwala pamanda a atate, poti chaka chakwana chitisiyireni. Anthu a ku Nyasalande a m'bungwe lathu la maliro anabwera ambiri, amayi a kutchalitchi anaimba, abusa analankhula zawo. Kenaka mkulu wa bungwe anafunsa amene angayankhule m'malo mwa banja, ndipo ndisanakonze n'komwe nsalu yanga kuti ndiimirire, anthu onse anali atatembenukira kale kwa Che Bwanali. Mwana wa malemu ndine, wobadwa ndekha m'nyumba imeneyo. Koma m'lokeshoni yathu yonse ya Makokoba ukatchula Yotamu Mbewe, dzina lotsatira ndi Bwanali, osati Nelesi. Che Bwanali anaimirira ndi ndodo yawo, anakonza kachisoti kawo koyera, n'kungoti, "Anali m'bale wanga," basi n'kukhala pansi. Anthu analira. Ine ndinali ndi mawu odzaza dengu ndipo ndinabwerera nawo kunyumba. Ndi amenewa ndikulemba pano, ndipo ndineneretu kuti muli nsanje.

Atate anali khukhi. Anafika ku Bulawayo wapansi ali mnyamata, kuchokera kwawo ku Ntcheu, ndipo ntchito yoyamba anaipeza kwa amishoni ena a ku Amereka kumapiri a Matopo. Kumeneko dona wina wokalamba anawaphunzitsa chakudya cha kwawo, cha anthu osataya kanthu pa nkhumba. Dzina lake lachizungu atate ankalitchula mwina lero, mwinanso mawa, mpaka anthu a m'lokeshoni anatopa nalo n'kungochitcha chigumu cha nkhumba. Onyoza ankati ndi mkute wa azungu. Atate sizinkawakhudza zimenezo. Ankati mkute umene amuna andevu amauimira pamzere mphepo ikuwaomba ngwofunika kuupatsa ulemu.

Atasiya ntchito ya kwa azungu n'kukwatira amayi, chigumucho ndicho chinkatidyetsa. Masana ankapalasa njinga kupita kwa butchala wina m'tauni kukatenga masoseji a nkhumba ophulika ndi otsala, amene madona sakanawagula. Pofika kunyumba ankawang'amba kachikopa, nyama n'kuinyenyera mumphika wachitsulo wa miyendo itatu, kuthira madzi, mchere, tsabola ndi masamba ena otuwa onunkhira amene ankabzala okha m'chitini cha palafini. Ufa wa mgaiwa ankayamba auvundula m'madzi ozizira, chifukwa mibulu ankadana nayo kuposa mbava. Ndiye kutakasa. Ankatakasa ali chowerama, osayankhula ndi munthu, mpaka mthiko uime wokha pakati pa mphika. Akatero ankathira m'zitini zophikira buledi, kusalaza pamwamba ndi chikhatho chonyowa, kuvundikira ndi nsalu, n'kuziika pasimenti pafupi ndi mtsuko kuti zizizire mpaka m'mawa. Ankakonda kunena kuti chakudya chimenechi chinatengera mawu a akulu, chimakoma chikagonera.

M'mawa ankagadabuza zitini pathabwa, chigumu n'kutuluka chathunthu ngati njerwa. Mpeni sankaufuna. Ankadula ndi ulusi wokoka kuti m'mbali musanyenyeke, chidutswa chilichonse n'kuchipaka ufa pang'ono, n'kuchigoneka m'mafuta a nkhumba otentha. Apa ndi pamene panali lamulo lawo lalikulu, loti usachikhudze. Wochitembenuza msanga amadya phala, ankatero. Chimayenera kupsa mpaka chiwaya chichimasule chokha, kunja kouma kofiirira, m'kati mofewa. Ankakulunga m'mapepala, kuika m'bokosi kumbuyo kwa njinga, n'kukaima pachipata cholowera anthu a panjanji. Miyezi yozizira, mphepo ya kuno ikamalowa mpaka m'mafupa, ankabwerako dzuwa lisanatenthe bokosi lili mbee.

Ine ndi amayi tinkadya nkhoko za mumphika ndi zidutswa zophwanyika. Chathunthu chinali cha ogula, ndipo zimenezo sizinkandiwawa, chifukwa mwana wa wogulitsa amadziwa kumene buledi wake amachokera. Chimene chinkandiwawa ndi Lachisanu.

Che Bwanali ndi telala, Myao wa kumapiri a Zomba, Msilamu. Ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina kumalire a lokeshoni. Mkazi anamusiya kumudzi kalekale ndipo sanabwererekonso, anali mtchona ngati atate. Munthu wosadya nkhumba kukhala bwenzi la ponda apa nane m'pondepo la munthu wonunkha nkhumba mpaka m'tsitsi, anthu ankaseka nazo. Chodabwitsa china, ulusi wodulira chigumu uja ankapereka ndi Che Bwanali omwewo. Akawafunsa ankati ulusi ukachoka pamakina awo, zimene ukukachita uko si mlandu wawo.

M'nyumba mwathu, pamsomali wa pamwamba zedi pafupi ndi denga, pankapachikika thumba la ufa lochapa bwino. M'menemo munali chiwaya, kamphika, mthiko, kachitini ndi mbale, zonse zosakhudzapo nkhumba chigulireni. Ine ndinaphunzira kuti thumba limenelo salikhudza ndisanaphunzire Pemphero la Ambuye. Lachinayi atate ankayenda ulendo wina wapadera kukagula nyama ya ng'ombe yozinga shehe. Ankaidula okha ndi mpeni mpaka isalale, kuikoleretsa kuti ifanane ndi soseji, kusamba ndi sopo mpaka m'zigongono, kuvala epuloni ina, kukoleza kamoto kena pambali. Ntchito yonseyo inali ya kachitini kamodzi ka munthu mmodzi. Lachisanu masana, akatuluka mumzikiti, Che Bwanali ankatulukira pangodya ya mzere wathu akuyenda ngati mwini wake wa msewu, ndipo ankapeza zidutswa zawo zathunthu, zotentha, palibe chophwanyika ngakhale chimodzi.

Ankakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mabulosi. Atate anga, amene kwa ife ankatulutsa mawu ngati akuwagula, kumeneko ankaseka mpaka kutsokomola. Ankasakaniza Chinyanja ndi Chiyao, kutchula mitsinje ndi midzi imene ine sindinaionepo, kukangana za mtundu wa nandolo wokoma. Ine ntchito yanga inali kugwada ndi beseni la madzi osamba m'manja. Ndinkachedwa dala kudzuka kuti ndimve kuseka kwa atate pafupi, ndipo iwo osandiyang'ana n'komwe ankangoti, "Pita ukathandize amako, Nambewe." Analamula kuti Che Bwanali ndiziwatchula atate aakulu. Ndinkawatchuladi, koma pakamwa pokha.

Amayi anga ndi MaNcube, Mndebele wa ku Gwanda. Anaphunzira Chinyanja chifukwa cha atate, anasiya tchalitchi cha kwawo chifukwa cha atate, abale awo anawaseka kuti akwatiwa ndi Mnyasa wopanda khola, iwo anapirira. Manja awo ndiwo ankatsuka zitini zamafuta tsiku ndi tsiku pampopi wa anthu onse. Miyambi ya atate anaiphunzira kuti aziwalasa nayo. Lachisanu akamva kuseka kuseri kuja ankandiuza, koma mokweza kuti zidutse khoma, "Kwanu amati mlendo ndi mame, mntanami, mwana wanga. Awa si mame, ndi mvumbi." Atate ankamva, osayankha. Kusayankha kunali chida chawo, ndipo chinkapweteka kuposa chibakera.

Chiyambi cha ubwenziwu atate sanatiuzepo. Tinachimva kwa mkulu wina pamaliro ena, atate akadali moyo. Pa ulendo wobwera kuno, atawoloka Zambezi ku Tete, atate anabayidwa ndi chitsa kuphazi, phazi n'kutupa mpaka kulephera kuponda. Anzawo a mudzi umodzi, ena abale enieni, anawasiya pansi pa mtengo ndi chikho cha madzi, ati akaitana anthu. Sanabwerere. Amene anaima ndi Myao wachilendo wa gulu lina, amene anataya mtolo wake, kuwabereka atate kumsana, mpaka pafamu ina pamene anapeza mankhwala. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma atate anachiona chikuola pansi pa mtengo umenewo, ndipo ndikhulupirira kuti kuyambira pamenepo anasamutsa mtima wawo wonse n'kukauika kwa mlendoyo. Ife tinabwera mochedwa, tinapeza malo atatha. Amayi atamva nkhaniyi anangouza atate, amene ankawatcha SekaNelesi, bambo a Nelesi, kuti, "Iye anakuberekani masiku owerengeka, SekaNelesi. Ine ndakuberekani zaka zonsezi, koma chiwaya changa sichipachikidwa pamsomali."

Anthu amene anawadziwa atate zaka zomaliza amawakumbukira akutsuka mbale kuhotela ina m'tauni, munthu waimvi akuitanidwa ngati kamwana. Amadabwa ndikawauza kuti kale anali ndi malonda awoawo. Chimene chinawachotsa pachipata cha njanji n'kuwaika kumbale za eni ake chinachitika pa chinkhoswe changa.

Mnyamata wondifunsira anali wa kwathu ku Nyasalande. Mwambo wa kwa atate omwewo umati nkhoswe ya mwana wamkazi ndi malume ake, ndipo malume anga, mlongo wawo wa amayi, anakwera sitima kuchokera ku Gwanda atavala jekete yobwereka. Atate anati malume sadziwa mayankhulidwe a Anyasa, nkhoswe akhala Che Bwanali. Tsiku limenelo Che Bwanali anakhala pampando, malume pabokosi. Ine anali atanditsekera kunyumba ya anansi ndi amayi ondilangiza, kotero za kukhitchini sindinazione. Alendo anachuluka, aliyense akufuna kulawa chigumu chotchuka chija, ndipo chiwaya chathu chimodzi sichinkakwana. Atate anali kukhomo ndi amuna. Amayi anakwera pamtondo, anatsitsa thumba, anakazinga chigumu cha nkhumba m'chiwaya cha Che Bwanali. Alendo atapita anachikwecha ndi mchenga ndi phulusa n'kuchibweza pamsomali. Ena amati anachita chifukwa cha kuchuluka kwa alendo, ena amati chifukwa cha bokosi lija. Ine ndimati zonse ziwiri, ndipo mpaka lero sindinapeze mtima wowadzudzula.

Lachisanu lotsatira chidutswa choyamba chinakakamira pachiwaya. Atate anachitembenuza uku ndi uku, anaona kuwala kwa mchenga, anaitana amayi.

"MaNcube, wakhudza chiwayachi ndani?"

"Ngigezisile nje. Ndangotsuka, chinali ndi fumbi."

Atate anang'ung'udza kuti chiwaya chachitsulo sachikwecha ndi mchenga, anachipaka mafuta a mtedza, anachiwotcha pamoto, anakazinganso. Amayi anali asanawanamizepo, ndiye sanakayike. Che Bwanali anadya tsiku limenelo, anadyanso Lachisanu lina ndi linzake.

Chinsinsicho chikanafa chokha. Koma ukwati utayandikira malume anatumiza mawu kuti sabwera, ati kumene anakhala pabokosi sakabwererakonso. Anali masana, atate akutakasa mphika waukulu pabwalo, amayi akulira pakhomo, ine ndikusankha mpunga. Atate osadzutsa mutu anati ukwati sulephereka chifukwa cha munthu mmodzi, Che Bwanali alipo.

Amayi anapukuta misozi n'kuimirira. "Che Bwanali, Che Bwanali. Woyera wanuyo wadya kale ingulube, SekaNelesi. Nkhumba. Ndinakazingira m'chiwaya chake chomwecho tsiku la chinkhoswe. Wadya, wanyambita zala, ndipo sanafe."

Atate anasiya mthiko. Chibadwire changa ndinali ndisanaonepo akusiya mthiko ntchito ili pakati. Mphika unayamba kupserera, fungo linafika mpaka kwa anansi, iwo ali chiimire.

"Mwati bwanji, MaNcube?"

"Mwamva."

Atate analowa m'nyumba, anatsitsa thumba, anavala chipewa. Apa amayi anaona kuti mwala umene aponya wagwera pamutu pawo pomwe. Anawagwira malaya pakhomo.

"Thula nje, SekaNelesi. Khalani chete, zinatha kale. Akudziwa ndani?"

"Ndadziwa ine," anatero atate, n'kuchotsa dzanja lawo pang'onopang'ono.

Amayi anandikankha kuti ndiwatsatire, poopa kuti angakachite zoopsa. Ndinayenda kumbuyo kwawo mpaka pakhonde la sitolo. Che Bwanali anali akupalasa makina, akusoka diresi langa laukwati. Atate anavula chipewa, anaika thumba pansi, ndipo anagwada pafumbi, anthu akudutsa.

"Achimwene, ndakudyetsani chonyansa. Chiwaya chanu chinakazinga nkhumba m'nyumba mwanga. Sindinadziwe, koma nyumba ndi yanga, dzanja lokupatsani linali langa."

Dzina la amayi sanalitchule. Makina anaima. Che Bwanali anayang'ana nsalu yoyera ija, kenaka anadzuka n'kupita kuseri kwa sitolo, ndipo tinawamva akusanza. Anabwerako akupukuta ndevu, anakhala pansi, anawagwira atate phewa kuti adzuke.

"Che Mbewe, chimene munthu wadya mosadziwa Mulungu sawerengera. Shehe angakuuzeni zomwezo. Koma mmero wangawu sunaphunzire ngati shehe." Anatsokomola. "Mukanangokhala chete, bwenzi ndikudyabe."

"Ndikudziwa, achimwene."

"N'chifukwa chake Lachisanu ndibwera."

Anthu akamva nkhani imeneyi amatama atate kuti anali munthu woona. Analidi. Koma ine ndinaima pamenepo mtima ukutentha ndi china. Bambo amene sanapepesepo munthu m'nyumba mwake, amene anakhazika mlamu wake pabokosi osaona cholakwa, anali atagwada pamsewu chifukwa cha chiwaya. Ndikanakonda tsiku limodzi lokha atandilakwira ine kwambiri chotero, kuti andigwadire.

Sabata isanathe atate anagulitsa mphika waukulu ndi zitini zonse. Anakwecha makoma, anapaka laimu, anati nkhumba sidzalowanso pakhomo pawo. Amayi anachonderera, anakalipa, anaitana akulu a mpingo, koma atate anali atatseka makutu. Anayesa kugulitsa chigumu cha ng'ombe, koma nyama yozinga inali yodula ndipo anthu a panjanji ankafuna mafuta aja anazolowera. Ndi mmene anapezekera kuhotela. Nyama inasowa pakhomo pathu, njinga inagulitsidwa, amayi anayamba kuchapa zovala za azungu kumayadi. Zonsezi atate anachitira chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku lina Che Bwanali adzadyenso chochokera m'manja mwawo.

Anagula chiwaya chatsopano, kamphika katsopano, mbale yatsopano. Anapempha kuti tsiku lawo lopuma kuhotela lizikhala Lachisanu. Lachinayi akaweruka ankaphika kachitini kaja monga kale, Lachisanu n'kukazinga. Che Bwanali ankabweradi, osaphonya. Ankasamba m'manja, kununkhiza mbale, kutama kuti lero ndiye chapsa bwino, dzanja n'kunyamuka, kufika m'mphepete mwa mbale, n'kubwerera pabondo. "Lero m'mimba simuli bwino, Che Mbewe. Sabata ya mawa." Atate ankati palibe kanthu, n'kuyamba nkhani ina. Izi sizinachitike mwezi umodzi ayi. Nkhondo yaikulu ya azungu inayamba mpaka kutha, dzanja lija likungobwerera pabondo.

Ine ndinali nditakwatiwa, ndikukhala mizere ingapo kuchokera kwathu, ndipo Lachisanu ndinkabwera kudzaona amayi. Mlendo akapita atate ankabweretsa mbale ija m'nyumba n'kuiika patebulo. Amayi sanaikhudzepo. Ndinkadya ndine. Zidutswa zathunthu zimene ndinazilakalaka ubwana wanga wonse zinafika kwa ine zitazizira, zitakanidwa ndi mwini wake. Ndinkamaliza mbale yonse ndithu, chifukwa kutaya chakudya kwathu kunali tchimo.

Choipa kwambiri n'chakuti Che Bwanali sanandipatsepo chifukwa chowadera. Diresi langa analimaliza, anakana malipiro. Ankawapatsa amayi moni wa "alamu" monga kale, ngakhale ankadziwa bwino lomwe dzanja limene linatsitsa thumba lija. Mwana wanga woyamba atabadwa anamusokera tizovala. Ndinafufuza mwa iwo kachilema koti ndigwire, sindinakapeze, ndipo munthu wotere amatopetsa.

Madzi ozizira a kuhotela anawalowa atate m'chifuwa. Anadwala nyengo yonse yozizira, akuonda, mpaka kulephera kuimirira. Lachinayi lina masana ndili panja ndinamva akuitana kuchokera pamphasa.

"Nambewe, tabwera kuno. Ndikufuna ndikuphunzitse chigumu."

Mtima wanga unadumpha ngati wa kamtsikana. Zaka zonsezo sanandilolepo kugwira mthiko wawo. Ndinaganiza kuti nthawi yanga yafika, kuti aona imfa ikubwera ndipo akumbukira kuti ali ndi mwana. Ndinagwada pafupi nawo.

"Tsitsa thumba. Kenaka usambe ndi sopo mpaka m'zigongono."

Apo ndinadziwa mwini wake wa phunzirolo. Ndinasamba. Ndinapita kukagula nyama yozinga, ndinaidula mpaka manja kuchita matuza, iwo atatsamira pachitseko akundilondolera ndi chala. Ufa m'madzi ozizira. Takasa, usaime. Mthiko sunaime wokha, takasabe. M'mawa mwake ndinadula ndi ulusi, ndinagoneka m'mafuta, mafuta anandithethekera padzanja ndipo ndinafuna kutembenuza kuti ndithane nazo. "Usachikhudze," anatero ndi mawu otsalira. Ndinachisiya mpaka chiwaya chinachimasula chokha.

Ine ndi amayi tinawanyamula kupita nawo kuseri, tinawakhazika pampando titawafunditsa bulangeti. Che Bwanali anafika, anakhala. Ndinagwada ndi beseni, anasamba. Ndinaika mbale. Anayang'ana mbaleyo, kenaka anayang'ana mikono ya atate imene inali itatsala mafupa okha. Dzanja linanyamuka, linafika m'mphepete mwa mbale, linaima pamenepo. Anatchula dzina la Mulungu chapansipansi, ananyema, anaika m'kamwa. Ndinaona mmero wawo ukulimbana nacho, thukuta likutuluka pamphumi tsiku lozizira chotero. Anameza. Ananyemanso. Anadya mpaka mbale inayera, misozi ikutsikira m'ndevu.

Atate anatambasula dzanja n'kugwira bondo la mnzawo. Nkhope yawo inawala mmene sindinaionerepo, ngakhale tsiku la ukwati wanga.

"Zikomo, achimwene. Tsopano ndiyenda bwino."

Ine ndinali chigwadire ndi beseni, chilonda cha mafuta chikunyeka padzanja, ndikudikira. Anandikumbukira ndi Che Bwanali.

"Waphika bwino mwanayu, Che Mbewe."

Atate sanatembenuke. Anatola kanyenyeswa kotsala m'mbale, anakalawa, anati, "Mchere wachepa."

Amenewo ndiwo mawu okha amene atate ananenapo za kuphika kwanga. Anamwalira Lachisanu lina lisanafike.

Nyumba za m'lokeshoni si za akazi amasiye. Mwamuna wa pantchito akafa amapatsa wina, kotero amayi analongedza n'kubwerera ku Gwanda kwa mlongo wawo yemwe uja. Tsiku la mwala, anthu atabalalika, ndinadzera kumzere wathu wakale ndekha. M'nyumba yathu ija mukukhala banja lina lachinyamata. Mkazi wake anandilola kupita kuseri, akudabwa chimene ndikufuna. Mtengo wa mabulosi anaudula nthambi kuti amangirepo chingwe choyanikira matewera. Pakhoma patsala chikanga chakuda pamene pankayaka kamoto kapadera kaja, ndipo pansi pake aikapo khola la nkhuku. Mipando kulibe. Koma nthaka ya pamenepo ndi youma gwa, yotetezedwa ndi denga, ndipo miyendo ya mipando iwiri ija inaboola timaenje timene mvula ya chaka chino sinathe kukwirira. Ndinaima ndikutiyang'ana, twa atate kumanzere, twa Che Bwanali kumanja. Kenaka ndinavula nsapato, mkazi uja akundiona, n'kuyesa kuponda pakati pa mipando iwiriyo. Phazi langa silinakwanepo.